Aphunzitsi a ku Ngabu akufuna kusintha njinga ya miyezi 8

Mwa maimelo omwe ndalandira mwezi uno, pali imodzi yomwe ndaiwerenga katatu, chifukwa eni ake akufuna kuchita zomwe ine ndinachitapo n'kulira nazo. Ndi aphunzitsi a pulayimale kumadzulo kwa Ngabu, kumene ukangosiya tala wa M1 kotsalako ndi fumbi, mchenga ndi makande. Apempha kuti ndisawatchule dzina, choncho ndiziwatcha Aphunzitsi. Kalatayo ndaifupikitsa, koma mawu ndi awo:

"Ndinagula njinga yamoto ya 125cc ku Limbe miyezi 8 yapitayo pa K2,900,000. Yayenda makilomita 5,400 okha, sinagwepo, mapepala onse ali m'dzina langa. Ndimapitira kusukulu, ndipo masana ndi kumapeto kwa sabata mphwanga amachitira kabaza n'kumandipatsa K40,000 pa sabata. Tsopano kwabwera mtundu watsopano wa 150cc, wa buleki ya disiki kutsogolo, matayala opanda chubu, nyali ya LED ndi potchajira foni. Kusitolo komwe ndinagula akuti yangayi aitenga pa K2,400,000, ine ndiwonjezere K1,800,000 poti yatsopanoyo ili pa K4,200,000. Ndili ndi K800,000 ya chitowe ndi mbuzi zomwe ndinagulitsa, yotsalayo ndikufuna kutenga ku banki m'khonde ya mayi akunyumba. Ndikuona ngati ndikungoluza K500,000 basi. Yangayi imafooka pamchenga ndikakweza mayi ndi thumba la chimanga. Ndisinthe?"

Ndisanayankhe ndinawabwezera funso limodzi: njinga yofanana ndendende ndi yanuyo, yatsopano, m'sitolo momwemo, lero akuigulitsa zingati? Anaimba foni ku Limbe, yankho linali K3,500,000. Manambala onse a njinga omwe ali m'munsimu ndi awo. Mitengo ya kwanuko ikhoza kusiyana, koma kawerengedwe kake n'kamodzi.

Aphunzitsi, ine ndikuti njingayo isungeni. Chaka chino si chosinthira, makamaka pa mtengo akupatsaniwo, ndalama yake yangongolenso. Koma poti ndinu munthu wa choko, ndikudziwa kuti ansala yopanda njira yake simungaichonge, ndiye tiyeni tiyende limodzi.

Tiyambire pa K500,000 mukuti mukuluzayo. Mwachotsera K2,400,000 pa K2,900,000, ndipo samuyo mwaikhoza, kungoti funso lake si limenelo. Kwacha yomwe munagulira njinga miyezi 8 yapitayo si kwacha yomwe ili m'thumba mwanu lero. Njinga zonsezi zimachokera kunja, zambiri ku China ndi ku India, ndipo woitanitsa amalipira madola. Tonse tikukumbuka mu Meyi 2022 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 pomwe inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 usiku umodzi. Amene anagula njinga mu Okutobala chaka chimenecho n'kuigulitsa mu Januwale pa mtengo womwe anagulira ankayenda mapewa m'mwamba kuti sanaluze kanthu, mpaka tsiku lomwe anapita kusitolo kukafuna ina n'kupeza kuti ndalamayo siikufikako n'komwe. Ndipo ngakhale mtengo wa dola kubanki utaima, madolawo akamasowa katundu wa m'sitolo amakwerabe. Choncho muyeso wa njinga yanu si lisiti lomwe munasunga m'Baibulo. Muyeso wake ndi K3,500,000, ndalama yomwe mungafunike mawa m'mawa kuti mupeze ina ngati yomweyo. Akakupatsani K2,400,000, ndiye kuti mwasiya K1,100,000 pakhonde la sitolo chifukwa cha makilomita 5,400. Gawani nokha, mupeza ndalama yopitirira K200 pa kilomita iliyonse, mafuta ndi oyilo osawerengera.

Sindikunena kuti wasitoloyo ndi wakuba ayi, ali pantchito yake. Pa malonda osinthana iye amadya kawiri: phindu la njinga yatsopano yomwe akukugulitsani, ndi phindu la yanuyo akadzaigulitsa. Adzaitsuka ndi sopo, kupaka matayala polishi, n'kuiimika pakhonde ndi mtengo womwe ine ndikuganiza kuti sudzatsika K3,000,000, ndipo mnyamata wa kabaza wa ku Bangwe kapena ku Ndirande adzaitenga sabata isanathe, chifukwa njinga ya mapepala athunthu yomwe injini yake sinatsegulidwepo siichedwa pamsika. Chomwe chimasokoneza pa malonda otere n'chakuti manambala amakhala awiri, ndiye wogulitsa amasewera nawo ngati bawo, kuchotsa timiyala dzenje ili kuika dzenje ilo. Mukadandaula kuti yanuyo waitchipitsa, adzakweza ndi K100,000 inu n'kusangalala, koma kuchotsera komwe akanakuchitirani pa yatsopanoyo mukanabwera ndi ndalama m'manja sadzakutchulanso. Nambala yoti muziyang'ana ndi imodzi yokha, yomwe ikutuluka m'thumba mwanu. Ndipo K1,800,000 si mapeto ake. Njinga yatsopano imafuna kulembetsa ku Road Traffic, nambala puleti, inshulansi ina, COF (chiphaso chosonyeza kuti njinga ili bwino kuyenda pamsewu), kuphatikizapo maulendo okwera mapiri kupita ku Blantyre kukaima pamzere. Zomwe munalipira pa yakaleyo palibe adzakubwezereni. Muonenso laisensi yanu ndi ya mphwanu, chifukwa ya A1 imalekezera pa 125cc, njinga ya 150cc imafuna ya A. Zimenezi n'zabwino kuzidziwira kunyumba kusiyana ndi kukazimvera pa rodibuloko ya pa Thabwa.

Tsopano funso lomwe wasitolo sangakufunseni: ndalama yowonjezerayo idzabwerera bwanji? Mphwanu amabweretsa K40,000 pa sabata. K1,800,000 ndi masabata 45 a thukuta la mnyamatayo, pafupifupi chaka chathunthu akugwirira sitolo ya ku Limbe. Komatu K40,000 imeneyo ikubwera kale ndi njinga yomwe muli nayo, ndiye choyenera kuwerenga ndi chomwe yatsopanoyo ingawonjezere pamwamba. Mayi wochokera kumsika wa Ngabu ndi dengu la tomato ndi nkhuku ziwiri salipira ma cc, kukula kwa injini. Amalipira mtunda, ndipo amanenerera mtengo chimodzimodzi kaya nyali ndi ya LED kaya ndi ya babu. N'zoona kuti pa siteji njinga yonyezimira imakopa maso masabata oyambirira. Tinene kuti mwamwayi mphwanu wayamba kubweretsa K45,000. Kuti K5,000 yapamwambayo ikwane K1,800,000 pafunika masabata 360, zaka pafupifupi 7, ndipo njinga ya kabaza ya m'chigwa muno ikafika zaka 7 imakhala itasinthidwa pistoni kangapo, mpando utasokedwa ndi ulusi wa matumba. Injini yokulirapo imamwanso mafuta ochulukirapo, ndipo amene adzamve zimenezo tsiku ndi tsiku ndi mphwanuyo.

Za banki m'khonde ndiye zandiopsa kwambiri. Magulu ambiri omwe ndikuwadziwa amadula chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Ngati gulu la mayi ndi lotero, K1,000,000 izibala K200,000 mwezi uliwonse, pomwe njinga ikulowetsa K160,000 pa masabata anayi. Ndiye kuti njingayo izigwirira chiwongoladzanja chokha osachikwanitsa, ngongole yeniyeniyo ikudikira malipiro anu a uphunzitsi, omwe inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti amathera pa deti yanji. Komanso dzina lolembedwa m'kope la gululo si lanu. Nthawi yogawana ikadzayandikira, amene adzakhale pamkeka maso a amayi anzawo onse ali pa iwo ndi mayi akunyumba kwanu, inu muli kutali. Nkhaniyi mwakambirana nawo mpaka pamenepa, kapena mwangowaonetsa chithunzi cha njingayo pa WhatsApp?

Ndanena kuti ndinachitapo. Munali mu 2019, madzi a namondwe wa Idai ataphwera. Ndinali ndi kanjinga ka malimu a masipoko komwe ndinali nditayendera chaka chimodzi chokha, kopanda vuto lililonse kupatula kuti mnzanga wina anagula ina yooneka bwino. Ndinakwera nako mapiri, kukakasiya pa sitolo ina mu Blantyre, n'kutsika ndi yatsopano ya malimu a aloyi, akuda, owala. Pofika pa mlatho wa Kamuzu ndinkadziona ngati nduna. Patangotha miyezi iwiri ndinali pa msewu wa ku East Bank, nditapitirira Livunzu, kumene timitsinje tochokera m'mapiri a Thyolo timadula msewu n'kusiya miyala. Tayala lakutsogolo linamenya mwala womwe unabisala mumchenga. Sindinagwe. Ndinangomva phokoso ngati wina waswa mbale yadothi, kenako mpweya uwo, fwiii. Limu inali itang'aluka pafupi ndi vavu, mng'alu wautali ngati chala. Ndinakankha njingayo dzuwa lili paliwombo, malaya atamatirira kumsana, ana akunditsatira m'mbuyo, mpaka kwa makaniko wina yemwe amagwira ntchito pansi pa mtengo wa nimu, masipanala ake ali m'chigubu chodula pakati. Anagwada, kupititsa chikhadabo pamng'alupo, n'kundiyang'ana.

"Akulu, ikanakhala ya masipoko bwenzi ndawongola ndi hamala, nsima ya madzulo mukanakadyera kwanu. Iyi ndiye ndilibe nayo mankhwala."

Njingayo inagona kuseri kwa nyumba yake masabata atatu kudikira limu yochokera m'tauni, chifukwa mtunduwo unali usanachuluke ndipo ogulitsa masipeya ku Nchalo ndi pa Dyeratu anali asanayambe kupikula zitsulo zake. Masabata atatu amenewo ndinkakwera kabaza, tsiku lina pa njinga yofanana ndendende ndi yomwe ndinakasiya ku Blantyre ija, ikuyenda bwinobwino. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kuyambira pamenepo, munthu akandifunsa za njinga ndimayamba ndamufunsa komwe amakhala ndi komwe kuli makaniko wake. Mukaima pa siteji ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula kapena pa boma ku Nsanje, muona kuti mitundu yomwe yadzaza ndi yomweyomweyo, ma Lifo, ma SanLG, ma King Lion, ma Boxer. Si kuti anyamata a kabaza sadziwa kuti kunja kuli njinga zina zabwino. Akudziwa kuti kebulo ya klatchi ikaduka 10 koloko m'mawa, 11 koloko akhala atabwerera pamsewu. Injini zambiri za njinga za ku China zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, yomwe inatuluka m'zaka za m'ma 1970 ndipo inapangidwira dala mayiko omwe anthu amanyamula katundu wolemera ndipo oyilo sasintha pa nthawi yake. N'chifukwa chake zitsulo zambiri zimalowana, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo amaimasula injiniyo uku akucheza za mpira. Mtundu ukangotuluka kumene zimakhala zina. Ogulitsa masipeya sapikula katundu wa njinga zomwe m'boma lonse zilipo zisanu, amadikira zichuluke. Ndipo zofooka za mtundu watsopano zimadziwika pakatha dzinja limodzi ndi chilimwe chimodzi, anthu ena atalira nazo kale. Asiyeni a m'tauni, omwe sitolo ya masipeya ili pakhomo pawo, akuyesereni.

Sindikufuna kunyoza zomwe zakukopanizo, chifukwa zina n'zabwino ndithu. Tayala lopanda chubu ndi mnzako kuno kwathu komwe minga ili paliponse: munga ukalowa mpweya umatuluka pang'onopang'ono, umafika komwe ukupita, ndipo kumata kwake sikulira kugulula tayala. Koma limadalira kuti limu ikhale yosapindika. Ikangophwanyika m'mphepete mpweya sukhalamo, ndipo aloyi akamenyedwa kwambiri amang'aluka pomwe chitsulo cha limu ya masipoko chimangopindika. Buleki ya disiki imagwira bwino kuposa ya dilamu, ndipo mukanakhala munthu wotsika mapiri a Chikwawa kawiri pa sabata mutanyamula katundu, kumene mabuleki amatentha mpaka kuyamba kuterera, ndikanaiganizira mozama. Inu mumayenda pachidikha, liwiro lake la pamchenga, ndipo matope a makande osakanikirana ndi mchenga amadya mapadi a disiki ngati chiswe. Nyali ya LED ndi potchajira foni ndiye musasinthire njinga. Zimagulitsidwa pazokha, ndipo wodziwa mawaya akhoza kukuikirani pa yanu yomweyo tsiku limodzi, bola aike fyuzi ndipo alumikize mwakuti mukazimitsa kiyi nazonso zizizima, kuopa kupeza batire litatha m'mawa.

Pali chimodzi chomwe simunatchule ndipo mukafunse: yatsopanoyo imalowetsa mafuta mu injini ndi kabuleta kapena ndi injekishoni? Ya injekishoni imasunga mafuta ndipo imalira msanga, koma pampu yake ndi kabowo kopopera mafuta sizigwirizana ndi zinyalala. Inu mukudziwa petulo yemwe timathira kumudzi, makamaka mafuta akasowa pa filing'i siteshoni: wa m'mabotolo, wa m'zigubu zomwe dzana munali zina, nthawi zina wosakaniza. Kabuleta ikatsekeka, makaniko amaimasula, kuitsuka, kuipemerera ndi pakamwa, inu n'kumapita. Ya injekishoni ikadwala imafuna munthu wa makina oyezera, ndipo ameneyo pa Miseu Folo simumupeza. Kumbukiraninso kuti injini yatsopano imafuna kuleredwa makilomita 1,000 oyambirira, osaithamangitsa, osailemetsa, oyilo woyamba kumukhetsa msanga. Injini zimenezi zimazizira ndi mphepo yokha, zilibe madzi, ndipo ku Ngabu mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Yanuyo gawo limenelo inadutsa kale, ili pa msinkhu wake wabwino. Mukufuna kuipereka kwa wina pa nthawi yomwe yayamba kumene kukubwezerani, inu n'kukayambanso kulera khanda, wolera wake n'kukhala mphwanu yemwe akuthamangira makasitomala.

Tibwere ku dandaulo lanu lenileni, loti imafooka pamchenga. Choyamba tinene chilungamo: inu, mayi ndi thumba la makilogalamu 50, katundu ameneyo akuyandikira makilogalamu 200, ndipo pamchenga wakuya ngakhale ya 150cc idzabuula. Njinga za 125cc za mtundu umenewu zimatulutsa mphamvu ya ma horsepower 10 kapena 11, za 150cc 12 kapena 13. Kusiyana kulipo, kumamveka, koma si kwa K1,800,000. Chachiwiri, njinga ya makilomita 5,400 yomwe yayamba kufooka nthawi zambiri siikudwala, ikubanika. Fyuluta ya mpweya munaitsegula liti? Fumbi la kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba limatseka fyuluta m'masabata ochepa, injini n'kumamwa mafuta ambiri mphamvu palibe, pulagi n'kuda bii. Ngati ndi ya siponji, imachapidwa, kuumitsa, n'kudonthezera oyilo pang'ono. Ngati ndi ya pepala, musaichape, gulani ina. Kenako makaniko aone mpata wa mavavu injini ili yozizira, aone ngati klatchi siikuterera chifukwa kebulo inamangidwa kwambiri, aone tcheni ngati sichinakhwefuke kapena kuuma, ndi mabuleki akumbuyo ngati sakugwira okha. Zonsezi ndi ntchito ya m'mawa umodzi.

Zikakhala kuti zonsezo zili bwino koma mukufunabe mphamvu yokoka, pali njira yomwe anyamata onyamula matumba a makala amaidziwa bwino: kuika sipuloketi yakumbuyo (chitsulo cha mano chomwe tcheni chimayendapo) ya mano ochulukirapo, awiri kapena atatu pamwamba pa yomwe ilipo. Njinga imanyamuka mwamphamvu ndipo pamchenga siifooka msanga. Malipiro ake ndi akuti pa tala liwiro limatsika pang'ono ndipo injini imalira kwambiri, koma inu pa M1 mumayendapo kangati? Muzisintha pamodzi ndi tcheni ndi sipuloketi yakutsogolo, chifukwa chatsopano chikakumana ndi chakutha zimadyana. Kayendetsedwenso kali ndi mbali yake. Pamchenga lowani ndi giya 2, moto wosadukiza, osagwira buleki yakutsogolo, maso patsogolo osati pa tayala, ndipo matayala asakhale opopa gwa ngati mwala. Pomwe pazama kwambiri, mayi atsike ayende mapazi khumi, si chipongwe.

Mundikhululukire, Aphunzitsi, koma ndifunseko: maganizo osinthawa anayamba ndi inu kapena ndi mphwanu? Ndafunsa chifukwa mndandanda wa zomwe mwatchulazo, LED, disiki, potchajira foni, ukumveka ngati nkhani za pa siteji. Ngati ndi iye, muuzeni kuti njinga yatsopano ibwera iye akayamba kusunga kope la oyilo. M'nyengo yotentha ino, pa njinga yogwira kabaza, ine sindipitirira makilomita 1,500 oyilo asanakhetsedwe, ndipo kebulo ya sipidomita isamapezeke "yaduka yokha".

Ilipo nthawi yomwe kusintha njinga yatsopanotsopano kumakhala kwanzeru, ndipo kuno kwathu chifukwa chachikulu ndi madzi. Amene tinaona namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa njinga zomwe zinagona m'matope masiku angapo ku Makhanga, ku Bangula ndi m'midzi ya m'mphepete mwa mtsinje wa Mwanza. Ngakhale popanda chigumula, njinga imatha kupendekeka m'bwato powoloka pa Mtayamoyo. Yomwe yamira imadziwika: oyilo amaoneka ngati tiyi wamkaka, ndipo ikalizidwa madzi ali mu silinda chitsulo chogwira pistoni chimapindika. Ngakhale itakonzedwa, mawaya ndi mabering'i amayamba kuvuta mmodzimmodzi miyezi ikamapita. Yotero ukhoza kuitaya pa mtengo wotsika n'kupuma, koma womugulitsayo umuuze zoona, chifukwa chigwa chino n'chaching'ono, mudzakumana pamaliro. Chimodzimodzi njinga yomwe inagundidwa felemu n'kupindika, yomwe ukasiya chiwongolero imakokera mbali imodzi ndipo matayala amadyeka mbali imodzi. Kapena akakusamutsirani kusukulu ya kumapiri, ku Chididi, ku Lulwe kapena ku Gaga, komwe tsiku lililonse ndi chitunda, pamenepo ya 150cc ili ndi mlandu womveka. M'kalata mwanu mulibe chilichonse mwa zimenezi.

Mwina mwawerenga zonsezi koma mtima uli pa yatsopanoyo basi. Zimachitika, ndipo ndalama ndi zanu. Mukatero, malonda awiriwa muwalekanitse. Yanuyo gulitsani nokha, ndipo kusitolo mukalowe ngati munthu wa ndalama m'manja yemwe alibe njinga yosiya, mukanenerere mtengo wa yatsopanoyo paokha. Nyengo yogulitsira muisankhe. Kuyambira Meyi mpaka Julayi, anthu atagulitsa chitowe ndi thonje, ndalama imayenda m'chigwa muno, ndipo ku Nchalo kumapeto kwa mwezi m'nyengo yodula nzimbe ku Illovo ogula sasowa. Mu Januwale ndi Febuluwale aliyense maso ali pa chimanga, ndipo amene amabwera kudzaona njinga nthawi imeneyo ndi ofuna kutola. Madobadoba adzakupezani okha, ndiye gwirizanani za gawo lawo poyamba, pamaso pa mboni. Wofuna kuiyesa asachoke nayo yekha, mphwanu akwere kumbuyo, chifukwa njinga zambiri zapita ndi mawu oti "ndingozungulira apa". Ndalama ikabwera pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, musakhulupirire uthenga wa pafoni, onani balansi nokha kiyi asanachoke m'manja mwanu.

Ndipo mapepala musawachitire ulesi, kaya mwagulitsa kwa munthu kaya mwasiya kusitolo. Lembani kalata ya mgwirizano yokhala ndi nambala ya injini, nambala ya chasisi, deti, mtengo, ziphaso za unzika za nonse awiri ndi mboni. Koma kalata yokhayo sichotsa dzina lanu m'kompyuta ya Road Traffic. Malinga ngati umwini sunasinthidwe m'kompyutamo, mu MalTIS, blue book ikunenabe kuti njingayo ndi yanu, ndipo ikadzagunda mwana ku Bvumbwe kapena kugwidwa itanyamula katundu wakuba, apolisi adzayambira pakhomo panu. Pitani limodzi ndi wogulayo mukasinthe, ngakhale zitakudyerani tsiku lathunthu. Wina akadzabwera ndi ya 150cc yonyezimira kuti musinthane pamanja, yotchipa modabwitsa, yopanda nambala, akuti yalowera ku Marka kuchokera ku Mozambique, mufunseni mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipidwa, ndipo manambala a pa pepala muwafananize ndi omwe anadindidwa pa chitsulo, chilembo ndi chilembo. Popanda zimenezo simudzatha kuilembetsa, ndiye mudzakhala mutapereka njinga ya mapepala n'kulandira yoyendera njira zachidule moyo wake wonse.

K800,000 muli nayoyo ikhoza kugwira ntchito yooneka. Fyuluta, pulagi, oyilo wabwino, tcheni ndi masipuloketi, tayala lakumbuyo la mano akuluakulu mvula isanayambe, nyali ya LED ndi potchajira foni kuti mtima ukhale pansi, ndi mahelemeti awiri enieni, ina ya wokwera kumbuyo, poti m'kalata yonse ija simunatchulemo helemeti. Zonsezi sizingathe theka la ndalamayo. Yotsalayo bwezerani m'khola, mbuzi zizikuswerani uku mukuona momwe mtundu watsopanowo uchitire dzinja likubwerali pa misewu ya anthu ena. Loweruka lino pitani nayo kwa makaniko m'mawa kusanatenthe, muime pomwepo pamene akutsegula bokosi la fyuluta, ndipo mundilembere zomwe mupezemo.